Pakhonde pa Azakhali: Anangoti apumeko ku Harare, njinga yamera mizu

Ana anga, Disembala wafika, mwezi umene msewu wa ku Mwanza umanunkhira sopo wa ku Joni. Mabasi akubwera atasenza mafiriji, mabulangete ndi zidebe za penti, ndipo ena amene chaka chonse sasesa kuseri kwa nyumba ayamba kusesako. Koma si onse onyamuka amene amafika. Sabata ino ndalandira makalata awiri ochokera ku Zimbabwe, onse akulira ndi njinga yamoto yoima. Yalani mphasa, tiyambepo.

Ndinati masiku awiri

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29. Kwathu ndi ku Lunzu, koma ndakhala ndili ku Johannesburg komwe ndimagwira ntchito yoperekera zakudya m'makomo mwa anthu pa njinga yamoto. Njingayo poyamba inali ya abwana, ine n'kumadula pang'onopang'ono mpaka inakhala yanga, mapepala onse m'dzina langa. Ndi ya 150cc. Chaka chino ndinati basi sindikwera, ndipita pa njinga yanga kuti kumudzi akaione, kenako ndikayambe kabaza. Kumudziko ndili ndi chibwenzi, ndipo akuluakulu a mbali zonse anapangana kuti chinkhoswe chichitike Khirisimasi ikangodutsa.

Ulendo ndinauyamba bwino. Ndinagona ku Musina, m'mawa mwake n'kuwoloka pa Beitbridge, n'kukagonanso ku Masvingo. Pofika ku Harare msana unali utauma gwa, manja achita dzanzi, za pokhalira ndisanene poti ndinu akulu. Tcheni nayo inali itayamba kulira. Ndinafikira ku Mbare kwa amalume ena a kuchimuna kwa mayi anga, obadwira konkuno. Ndinawauza kuti ndigona masiku awiri okha. Azakhali, sabata yachitatu ikutha.

Musandiweruze msanga. Anthu kuno anandilandira ndi manja awiri. Ku Joni ndinazolowera kuyankhula chapansipansi kuti asandizindikire kuti ndine wobwera, koma kuno pa Mbare Musika ndinamva agogo ena akutsutsa mtengo wa tomato m'Chichewa, misozi inalengeza. Asuweni anga anandionetsa bwalo la mpira la Rufaro, kumene Bob Marley anaimba pa chikondwerero cha ufulu wa dzikoli mu 1980. Ananditengeranso ku Warren Park, pamalo otchedwa KwaMereki, kukadya nyama yootcha imene kuno amati gochi gochi, nyimbo za Alick Macheso zikugunda, zina mwa izo za m'chilankhulo chathu. Poti ine ndinali ndi marandi, wolipira ndinali ine. Palinso mayi wina wogulitsa sadza, nsima ya kuno, pafupi ndi ku Magaba amene amandiitana kuti "mukwasha", kutanthauza mkamwini, ndipo ndiwo amandiwonjezera osandilipiritsa. Sindinachite naye kanthu, koma ndikadya kwina chakudya sichitsika.

Usiku uliwonse ndimamanga katundu kuti mawa ndinyamuke. Kukacha, mwina kwachita mitambo, mwina mutu ukuwawa, mwina amalume akuti dikira kaye. Ndalama zimene ndinasunga za malata ndi zovala za chinkhoswe zatha theka. Wachikondi wanga akaimba foni ndimamuuza kuti ndili pa boda, mapepala a njinga avuta. Asuweni akuti ndingokhala, ntchito yonyamula timakatundu pa njinga kunonso iliko. Mtima wina ukuti ndibwerere ku Joni ndikasakenso ndalama, kumudzi ndidzapite pa Isitala.

Ndipitirire, ndikhale, kapena ndibwerere?

Ine Wopumira Panjira,
Mbare, Harare

*Mwana wanga Wopumira,*

Nditafika pa mawu akuti sabata yachitatu ndinayamba ndapukuta magalasi, kuganiza kuti mwina ndi maso aukalamba. Ayi ndithu, walembadi choncho. Mayi wobereka amatuluka chikuta mchombo wa mwana ukangogwa. Iweyo wabereka chiyani ku Mbare choti mpaka lero sunatuluke?

Ndisanakukalipire ndikuyamikeko pamene unachita bwino. Kuima ku Harare sikunali kulakwa. Kuchoka ku Johannesburg kufika pa Beitbridge ndi makilomita pafupifupi 550, ndipo kuchoka pamenepo kudzera ku Masvingo ndi ku Chivhu mpaka ku Harare ndi enanso pafupifupi 580. Pa kanjinga ka 150cc, kamene kamayenda mwamtendere pa liwiro la 70 kapena 80, umenewo ndi mtunda wothyola msana. Wokwera basi akaodzera amadzutsidwa ndi kondakitala, koma wa njinga akaodzera amadzukira kuchipatala, apo n'kuti wachita mwayi. Komanso pa mizinda yonse imene yatsala panjira yako, waukulu ndi Harare yemweyo. Chitsulo chimene walephera kuchipeza mu Kaguvi Street, ku Magaba kapena ku Gazaland ku Highfield usayembekeze kukachipeza pansi pa mlambe ku Changara.

Choncho kuimako kunali ndi ntchito zake zitatu: kugona tulo tokwanira, kukonzetsa njinga, ndi kupereka moni kwa amalume. Zonsezo n'za masiku awiri, atatu ukakhala waulesi. Ngakhale kuona mzinda sindikuletsa. Munthu sungadutse Harare maso ali pa thanki. Masana amodzi akwanira kukwera pa Kopje n'kuuona mzinda wonse uli tayale, kudutsa mu Harare Gardens, n'kutsirizira pa Mbare Musika kugula kansalu ka apongozi. Tsono tandiuza, pa ntchito zitatu zija wagwira ziti? Tulo wagona mpaka kupyola muyeso. Moni wapereka mpaka oyankha atopa. Koma tcheni imene inkalira ija, m'kalata yako yonse sindinaone pamene yatonthola. Nyama ya KwaMereki waitchula, Bob Marley wamutchula ndi chaka chomwe, ndiwo zowonjezera wazilemba ndi mtima wako wonse. Makaniko yekha ndiye sanapezeke malo.

Za mayi wa sadzayo tisatayepo nthawi. Wamalonda akakuwonjezera nthuli ya nyama, imeneyo ndi banyira, ndipo banyira amapatsa aliyense wooneka kuti abweranso mawa. Tayesa kupitako tsiku limodzi m'thumba muli mbee, ukamve ngati "mukwasha" uja atulukenso pakamwa pake. Ndipo ngakhale atakhala kuti wakukondadi, mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga, tsono ino ndi nyengo ya mvula.

Asuweni akonso ndawamva. Ndi ana abwino, amakonda mbale wawo, makamaka nthawi yolipira ikakwana. Mzinda waukulu sulanda ndalama ndi mpeni ayi, umachita kupempha mwaulemu: dola ya kombi, madola awiri a mayunitsi, asanu a nyama, botolo la uyu, botolo la mnzake wa uyu amene dzina lake sunalimve n'komwe. Palibe tsiku limene unawononga zambiri, n'chifukwa chake ukudabwa kuti theka lapita kuti.

Koma ine ndakula, ndaona zambiri. Chakumanga iwe si sadza, si mitambo, si gitala ya Macheso. Chakumanga wachibisa pakati pa kalata m'mawu ochepa: ndalama za malata zatha theka. Ukuopa kufika. Unalonjeza kuti udzalowa m'mudzi hutala ikulira, malata akutsatira pambuyo pa lole, ndipo tsopano ukuona kuti ulowa ndi njinga yafumbi ndi chikwama chimodzi. Ukachedwa tsiku limodzi ndalama zikuchepa, zikachepa manyazi akukula, manyazi akakula ukuchedwanso tsiku lina. Umu ndi mmene anthu amatchonera. Palibe mtchona amene anadzuka m'mawa n'kulengeza kuti kuyambira lero ndatchona. Onse ankati mawa.

Mbare ukuyendamo monyang'wayo yadzaza ndi zidzukulu za anthu amene ankati mawa. M'nthawi ya atsamunda, makamaka zaka za Chitaganya kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene likulu linali komweko mzindawo ukutchedwa Salisbury, anthu a ku Nyasaland ankakhamukira kumeneko kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'mafakitale ndi m'makhitchini a azungu. Ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena anayenda pansi, ndipo ambiri mtima wawo unali ku migodi ya ku Joni, Rhodesia kunali kongoima kuti apezeko ya panjira. Kumudzi anasiya atalonjeza njinga yakapalasa, nsalu ndi makina osokera. Ena anabwera nazodi. Ena chaka choyamba ndalama sizinakwane, anati chaka chamawa, chaka chamawacho n'kupeza mwana wabadwa konko. N'chifukwa chake lero ukumva Chichewa pamsika, Gule Wamkulu akuvinidwa m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Anthu amenewo anamanga moyo wawo movutikira ndipo ine ndimawavulira ulemu. Koma ukafike ku Lunzu ukafunse agogo amene anakalamba akuyang'ana kumsewu ngati nkhani imeneyi imawaseketsa.

Ndipo usandiuze za Kamuzu. Inde, nayenso ali mnyamata anayenda pansi kuchoka ku Kasungu, n'kukaima ku Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu, kugwirako ntchito pachipatala asanapitirire ku South Africa, ndipo kuno anabwerera mu 1958 patapita zaka zoposa 40. Koma uja anabwera ndi udokotala. Iwe udzabwera ndi chiyani, mimba ya gochi gochi?

Wandipatsa njira zitatu kuti ndisankhe. Yobwerera ku Joni ifafanize. Kumbuyo kwako kuli makilomita oposa 1,100, kutsogolo kwatsala pafupifupi 600. Munthu wodandaula ndalama n'kusankha njira yodya petulo wambiri, masamu amenewo unaphunzira sukulu iti? Ndipo Isitala ukunenayo ndi mawa lomwe lija, langovala jekete.

Yokhala nayonso ifafanize. Tsegula pasipoti yako uone chidindo cha pa Beitbridge. Anakulembera masiku, ndipo masikuwo akuwerengedwa ngakhale mwini wakewe sukuwerenga. Njinga nayo inalowa ndi chikalata chongodutsira cha a ZIMRA, chija amati TIP, pamodzi ndi inshulansi ya nthawi yochepa. Zimenezi zikakuthera uli konko, bodza lako lija loti mapepala avuta pa boda lidzasanduka zoona, ndipo chindapusa chake chidzadya theka lotsalalo. Chidindo cha mlendo sichilolanso kugwira ntchito. Asuweni amene akuti uyambe kunyamula katundu mu Harare sadzakhalapo tsiku limene wapolisi adzakufunse chilolezo.

Yatsala imodzi. Tsono tchera khutu.

Usiku uno, osati mawa, umuimbire mwana wa eni ake uja. Usayambe ndi zoti netiweki imavuta. Umuuze kuti suli pa boda, uli ku Mbare, ndalama zina wadya, ndipo ukunyamuka tsiku lakutilakuti. Akalira, mvetsera. Akakulalatira, meza, wazipala wekha. Ukatero uimbire ankhoswe ako, uwauze ndalama zenizeni zimene zatsala, kuti achepetse oitanidwa ndi mbuzi nthawi ikadalipo. Usaganize kuti Mbare ndi kutali. Mabasi a ku Blantyre amadutsa mu Harare momwemo, ndipo tsiku lina wina wa ku Lunzu adzasuzumira pawindo n'kukuona ukutsuka m'manja kwa mayi wa sadza. Nkhaniyo ikakafika kuchikazi iwe usanainene, chinkhoswe chidzasanduka bwalo la milandu.

Mawa m'mawa ndalama zotsalazo uzigawe. Za ulendo, kutanthauza petulo, zolipira pa maboda, chakudya, pogona ndi zapadera za mwadzidzidzi, uzikulunge m'pulasitiki uwapatse akazi a amalume akusungire, adzakupatse uli kale pa njinga injini ikulira. Iwowo ndikuwakhulupirira, palibe amene akufunitsitsa ulendo wako kuposa iwo. Madola akhale ang'onoang'ono ndi osang'ambika, poti chenji kumeneko chimavuta. Osintha ndalama a m'misewu ndi a pa boda zala zawo zimathamanga kuposa maso ako, ndiye uziwerenga wekha, ndalama yako ikadali m'manja mwako.

Ukatero, njinga kwa makaniko, iwe uli pomwepo ndii, osati kuisiya n'kupita kukatsanzika ku Magaba. Oyilo akhetse athire watsopano, chifukwa injini yaing'ono yozizira ndi mphepo ikathamanga mtunda wotere imamuwotcha msanga. Tcheni aitsuke, aithire mafuta, aikunge mosapyola: ukaikankha ndi chala pakati izisewera masentimita 2 kapena 3. Mano a sipuloketi akakhala atasongoka n'kupindika, usinthe zonse pamodzi ndi tcheni, poti tcheni yatsopano pa mano akutha siikhalitsa. Aonenso mabuleki, masipoko, magetsi onse ndi mabawuti a keriyala, amene amamasuka ndi kugwedezeka kwa msewu. Tayala losalala pa phula lonyowa la Disembala ndi uthenga wa maliro, usaumirepo ndalama. Ugulenso chubu chapadera, zomatira, pampu, pulagi ndi kebulo ya kilatchi. Zonsezi pamodzi n'zopepuka kuposa chisipika chimene ndikudziwa kuti wamangirira kumbuyoko.

Mkuja utuluke mu Harare kukungoyamba kuyera, makombi ndi timagalimoto ta mushikashika tisanadzaze m'misewu, chifukwa amenewo amaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo wa njinga samuwerengera. Usiku wake usakatsanzike kumowa. Kutsanzika kwa kumowa n'kumene kwakugoneka masabata atatu. Gwira msewu wa ku Mutoko. Kukafika pa Nyamapanda ndi makilomita pafupifupi 240, kudutsa Murehwa ndi Mutoko, ndipo pa Mutoko udzazitse thanki ngakhale ikuoneka kuti mafuta akadalimo. Ukapitirira pamenepo msewu umayamba kutsika, milambe imayamba kuoneka, kutentha n'kukuchingamira. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, pamene Tete ali pansi penipeni m'mphepete mwa Zambezi, kumene nyengo yotentha dzuwa limafika mpaka madigiri 40. Uzimwa madzi ludzu lisanakugwire, uziima pamthunzi kuti injini ipumeko, ndipo helemeti ndi jekete usavule ngakhale thukuta lichite kamtsinje kumsana. Phula silimva zoti kunatentha.

Tsidya la Nyamapanda ndi Cuchamano, m'dziko la Mozambique, ndipo kumeneko akakufunsa mapepala a njinga ndi inshulansi yogwira ntchito kwawoko. Lipira pawindo, landira lisiti. Anyamata okuthamangira kuti akuthandize uwathokoze mwaulemu mapepala ako uli chigwirire. Kudzera ku Changara mpaka ku Tete ndi makilomita pafupifupi 150. Ukagone ku Tete, mu neti, njinga ili mkati mwa mpanda itamangidwa ndi loko, mapepala ali pansi pa pilo. Usiku umodzi! Ndikudziwa kuti kuli nkhuku ya piripiri ndi zakumwa zozizira, ndipo sindikufuna kulandira kalata ina yochokera ku Tete.

M'mawa mwake uwoloke Zambezi, kaya pa mlatho wakale wa Samora Machel kaya pa wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Pa Moatize uchenjere ndi mathiraki, amene mphepo yake yokha imatha kukankhira kanjinga kutchire. Ukakwera mapiri wafika pa Zobue, kenako pa Mwanza. Kuchoka apo ndi Zalewa, kuwoloka Shire, Lirangwe, Lunzu, dzuwa lisanalowe. Usiku usayende ngakhale mtima ufulumire bwanji. Ng'ombe, abulu ndi ngolo za m'misewu imeneyo zilibe magetsi.

Pa Mwanza usabise kuti njingayo yabwera kudzakhala. A MRA akakuwerengera msonkho, ndipo kuli bwino ndalama zotsalazo zithere pamenepo kusiyana n'kuthera pa malata. Malata sabereka. Njinga yokhala ndi nambala ya kuno, inshulansi, mahelemeti awiri ndi woyendetsa wa laisensi ikhoza kugula malatawo limodzilimodzi, bola mwini wake asamapumire pa Lirangwe masabata atatu. Chinkhoswe sichilephereka chifukwa suti ndi yakale. Mtsikanayo akakukana chifukwa wabwera ndi zochepa, ndiye kuti wakupulumutsa. Akakukana chifukwa cha bodza, ndiye kuti wadzipulumutsa yekha, ndipo ine nthungululu ndidzamuimbira.

Kwa ena nonse amene mukumangirira zikwama pa njinga, kaya mudzaima ku Harare, ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam: tsiku lotuluka mumzinda muzilitchula musanalowemo, ndipo muzilitchula kwa munthu wa pakamwa polasa amene angakuchititseni manyazi mukaphonya. Lowani kukuwala, yambani ndi makaniko, zokondweretsa zibwere pambuyo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mlendo wanga sakuchoka

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 63, wobadwira kuno ku Harare. Malemu bambo anga anachokera kumidzi ya ku Blantyre, ndipo manda awo ali konkuno. Chichewa ndinachiphunzira pakamwa pawo ndi kumpingo, choncho mundikhululukire pamene chapindika.

Mwezi watha kunafika mwana wa mlongo wanga kuchokera ku Joni pa njinga yamoto, akuti ali pa ulendo wa kumudzi. Anati agona masiku awiri, koma mpaka lero alipo. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri. Njingayo imagona pabalaza poopa akuba, ndipo imadontheza oyilo pa simenti imene mayi a kunyumba amaipolisha Loweruka lililonse. Madzi m'mipopi satuluka kawirikawiri, timachita kukatunga ku mjigo, koma mnyamatayu amasamba m'mawa ndi madzulo. Mayiwo anasiya kundiyankhula, akungoyankhula ndi mapoto.

Komabe ndinene zoona. Uyu ndi munthu woyamba wa kwathu kugona m'nyumba mwanga. Madzulo amandifotokozera za mudzi umene sindinauonepo, amene anamwalira, amene analowa ufumu, ndiponso kuti mtengo wa mango umene bambo ankautchulatchula ukadalipo. Akanena zonyamuka, ndine ndimati dikira mvula idutse. Ndingamuuze bwanji kuti azipita popanda kumveka kuti ndapirikitsa magazi anga?

Ine Malume Wothedwa Nzeru,
Mbare, Harare

*Achimwene,*

Mbare ndi yaikulu ndipo njinga n'zambiri, choncho sindinena kuti mlendo wanuyo ndi yemwe ndamuyankha pamwambapa. Ndingoti mukatha kuwerenga tsambali mulisiye pa mpando wa njingayo, mulitsamize ndi mwala.

Chichewa chanu n'chowongoka bwinobwino, chopindika ndi chilungamo chanu. Mukudandaula kuti mlendo sakuchoka, chikhalirecho chingwe mwagwira ndinu. Mvula yoyamba mu Disembala idutsa liti, achimwene? Mukufuna mwanayo adzanyamuke chimanga chitauma? Akale anati mlendo ndi mame, koma inu mamewo mwawamangira chisakasa kuti dzuwa lisawaone.

Wolakwiridwa pa nkhani yonseyi ndi alamu anga, amene akusenza madzi osamba munthu wa ndevu zake. Kawapepeseni lero lomwe. Ndipo masiku amene atsalawa zigubu zizikwera njinga popita ku mjigo, tione ngati kusamba kwa madzulo kupitirire.

Mlendo sapirikitsidwa, amaperekezedwa. Gulani nkhuku, muitane asuweni ake ndi akulu ampingo awiri, munene pamaso pa onse kuti iyi ndi nkhuku yotsanzikana, mwana wathu anyamuka Lachinayi m'bandakucha. Nthutumba mumuikire iyeyo, abusa kapena akulu ampingo apempherere ulendo mokweza. Munthu amene wadya nthutumba yotsanzika n'kuyankha ameni pagulu sangadzukenso Lachisanu n'kufunsa madzi osamba. Alamu akazinge mtedza ndi chimanga za kamba wa panjira, ndipo ndikhulupirira adzakazinga akuimba.

Kenako mumutume. Lembani kalata yopita kwa eni mbumba kumudzi, muikemo chithunzi cha malemu bambo ndi cha manda awo, munene kuti zifike Khirisimasi isanakwane. Mnyamata amene akuchita manyazi kulowa m'mudzi chimanjamanja, mukamusenzetsa uthenga wa munthu amene abale ake akhala akumufunsa zaka zonsezi, mwamupatsa polowera. Tsiku limenelo palibe adzayambe n'kuwerenga malata.

Tsono za inuyo. Njala imene muli nayo ndi ya mudzi, ndipo singathe posunga mwana wa eni pabalaza kuti azikufotokozerani madzulo. Zaka 63 mwakhala makilomita 600 okha kuchokera pa mtengo wa mango umenewo! Basi yochoka mu Harare imafika ku Blantyre tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, malinga ndi mizere ya pa maboda. Konzani pasipoti, mudzaone nokha, ndipo ngati mlendo wanuyo ali ndi chinkhoswe mudzakhale pa mpando wa kutsogolo. Mudzabwere ndi alamu adzapumeko, kuno adzawatungira ndi ena. Pa njinga ya mnyamatayo pokha musakwere, msana wa zaka 63 si wa 150cc.

Koma asananyamuke agwade pabalazapo ndi sopo ndi chiguduli mpaka oyilo yense achoke, agulenso chitini cha polishi, chachikulu. Akakana, mundilembere dzina la mudzi wake, nkhaniyi ndikaitula ndekha kwa apongozi ake.

Ndine Azakhali anu.